Chilembo chimodzi pakati pa zilembo 23 miliyoni



Teremu yachiwiri ndi imene ife aphunzitsi a sayansi timaiopa. Kuyambira Januwale mpaka mvula itakata, tikamaitana mayina m'mawa, yankho limene limachuluka ndi lakuti "wadwala malungo." Ena amabwerera patatha masiku atatu, ena sabata yathunthu, ndipo amapeza anzawo atapita patali ndi masamu.

Mvula itatha tinakwera phiri ndi ana a Fomu 3. Titafika pa Emperor's View tinakhala pansi n'kumayang'ana tauni yathu ili m'munsi, chigwa chonse mpaka ku Mulanje, ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira chakum'mawa. Tinkafotokoza chifukwa chake udzudzu umachepa kuphiri kozizira koma n'kuchuluka kuchigwa, kumene ambiri mwa iwo amachokera. Mtsikana wina anatidula mawu mwaulemu: "Aphunzitsi, agogo anga amati kale munthu ankamwa chloroquine n'kuchira. Anapita kuti mankhwala amenewo?" Tinayankha kuti anasiya kugwira ntchito. Iye anati, "Angasiye bwanji, poti mapiritsi ake ndi omwewo?" Kunena zoona, tinamuyankha mongokwaniritsa mwambo. Titatsika tinakawerenga, ndipo yankho lake tikulilemba pano kuti nanunso makolo mulione.

Mapiritsi sanasinthe ayi. Chinasintha ndi kachilombo. Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo a mmene chiyenera kukhalira, olembedwa mu DNA ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mabuku ena achichewa zigawo za malangizowa amazitcha majini, koma tsiku limene tinatchula mawuwa m'kalasi ana anayang'anana, poti kwathu kuno majini ndi nkhani ina. Choncho ife tizingoti zigawo. Mu 2002 akatswiri anamaliza kuwerenga malangizo onse a kachilombo ka malungo oopsa aja, kotchedwa Plasmodium falciparum, ndipo anapeza zilembo pafupifupi 23 miliyoni. Munthu atati aziwerenga chilembo chimodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osagona ndi osadya, angathe miyezi pafupifupi 9. Kumeneko n'kuwerenga kachilombo kamodzi kokha.

Tsono pakati pa zilembo zonsezo pali chigawo chotchedwa pfcrt, chimene chinadziwika mu 2000. Pamalo a nambala 76 a chigawochi, kachilombo kamene chloroquine amakapha kali ndi AAA. Kamene sikafa kali ndi ACA. Pali kusintha kwina pafupi pomwepo kumene kumathandizira, koma chizindikiro chenicheni ndi chimenechi. Tinauza ana kuti aganizire mawu akuti mbale ndi mbala: chilembo chimodzi chokha, koma wina mumamupatsa mpando, wina mumamuitanira anthu.

Makolo ambiri mukukumbukira kuwawa kwa chloroquine ndi kuyabwa kwake kosagonetsa tulo. Mu 1993 dziko lathu linakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba kupereka Fansidar, chifukwa ana ambiri sankachiranso. Zimene zinachitika pambuyo pake zinadabwitsa dziko lonse lapansi. Akatswiri ochita kafukufuku ku Blantyre, mogwirizana ndi anzawo a ku University of Maryland ku America, anapimanso magazi akale amene anasungidwa chaka ndi chaka. Mu 1992, tizilombo 85 pa 100 tinali ndi chizindikiro chokana chloroquine chija. Pofika 2000 tinatsala 13 pa 100, kenako sitinkapezekanso. Mu 2005 anayesa pa ana 210 a ku Ndirande odwala malungo. Mwa amene analandira chloroquine, 99 pa 100 anachira. Mwa amene analandira Fansidar anachira ndi 21 pa 100 okha.

Funso limene linatikoka mtima ife ndi lotsatira: tizilombo tomvera mankhwalato tinachokera kuti? Kodi tinalowa kuchokera kudziko lina? Kodi kachilombo kamodzi kanabwerera mwakale n'kuberekana? Maso sangayankhe zimenezi, ngakhale pa maikulosikopu, chifukwa tonse timaoneka mofanana. Anachita kuyerekeza zilembo zoyandikana ndi pfcrt m'tizilombo tambiri, ngati mmene munthu angayang'anire nkhope kuti adziwe ngati ana ali a bere limodzi. Anapeza kuti ndi ta mabanja osiyanasiyana. Tinalipo kale mwa anthu, tochepa chabe, ndipo chloroquine atachoka tinachulukanso. Mukaona anyamata otsika phiri atasenza matabwa, mumvetsa chifukwa chake. Kukana mankhwala ndi katundu amene kachilombo kamasenza. Mankhwala akakhalapo katunduyo amakapulumutsa, koma akachotsedwa amangokalemetsa, ndipo topanda katundu timakapitirira.

Apa tichenjeze, wina asathamangire kukafuna chloroquine pagolosale. Akangobwerera m'manja mwa aliyense, tokana tija tidzachulukanso msanga. Mankhwala a malungo amene boma limapereka kuyambira 2007 ndi LA, ndipo mwana ayambe wapimidwa kaye.

Ntchito yoyerekeza zilembo zochuluka chonchi pa kompyuta ndi imene pa Chingerezi amaitcha bioinformatics. Makina owerenga DNA satulutsa buku lolongosoka. Amatulutsa tizidutswa mamiliyoni, ngati nyuzipepala imene yang'ambidwang'ambidwa, ndipo wina ayenera kulemba malangizo ouza kompyuta mmene ingatilumikizire, kutaya zolakwika, ndi kusonyeza pamene kachilombo aka kasiyana ndi ako. Munthu ameneyu mwina sakhudza wodwala ngakhale tsiku limodzi, koma dokotala ndi opanga mankhwala amadikira yankho lake.

Chitsanzo chake ndi LA yemweyu. Mphamvu yake yaikulu imachokera ku artemisinin, mankhwala amene mayi wa ku China, Tu Youyou, anawapeza m'chitsamba, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Ku Cambodia madokotala ataona kuti tizilombo tikuchedwa kufa, palibe ankadziwa pamene pasintha. Akatswiri a ku France anatenga kachilombo kochokera ku Tanzania, n'kumakathira mankhwalawa pang'onopang'ono mu labu kwa zaka zisanu mpaka kanazolowera. Atayerekeza zilembo zake ndi za kachibale kake kamene sikanalawe mankhwala, pa zilembo 23 miliyoni zija panatsala malo osakwana 10 oti awafufuze. Magazi a odwala a ku Cambodia analoza chigawo chimodzi, kelch13, ndipo analengeza zimenezi mu 2014. Masiku ano opanga mankhwala atsopano amachita zofananazo mankhwala asanafike kwa anthu, kuti adziwe pamene amamenya kachilombo ndi mmene kangadzawazembere.

Chifukwa chakuti tsopano anthu akudziwa poyang'ana, kusintha kwa kelch13 kunaoneka ku Rwanda mu 2020, ku Uganda mu 2021, kenako ku Kagera, kumpoto chakumadzulo kwa Tanzania. Tanzania timachita naye malire pa Songwe. LA akuchizabe, alhamdulillah, koma tinamuonapo chloroquine akutha, tinamuonanso Fansidar. N'chifukwa chake zimatipweteka mwana akatiuza kuti anamwa masiku awiri okha, mapiritsi otsala amayi anasungira mng'ono wake. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse, ndi chakudya. Tizilombo totsala theka la mankhwala likatha ndi tolimba tija.

Zomba yathu ilimo m'nkhaniyi. Mu 2016 kunatuluka kafukufuku amene anawerenga malangizo onse a tizilombo toposa 200 tochokera kwa odwala a ku Chikwawa ndi kuno ku Zomba, ndipo anaonetsa kuti zizindikiro zokana Fansidar zinali pafupifupi m'kachilombo kalikonse. Magazi anali athu, mwina a anthu amene timaswali nawo limodzi. Koma mbali yaikulu ya kuwerenga, m'zaka zonse tafotokozazi, inkachitikira kutali, ku Baltimore, ku Paris, ku London ndi ku Wellcome Sanger Institute pafupi ndi Cambridge. Sitikudandaula nawo, anatithandiza. Zinthu zayambanso kusintha, poti ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre kuli Amalawi amene akugwira ntchitoyi. Koma ndi ochepa poyerekeza ndi matenda amene tili nawo, chifukwa njira yomweyi ikufunikanso pa TB, typhoid ndi kolera.

Chimene chinatilimbitsa mtima n'chakuti makina owerenga DNA ndiwo odula, koma zimene awerenga kale zambiri ndi zaulere. Mu 2023 gulu la MalariaGEN linaika pa intaneti malangizo a tizilombo toposa 20,000 tochokera m'mayiko 33, kuti aliyense atenge. Chofunika ndi kompyuta, magetsi, masamu ndi kuleza mtima. Ngakhale mawu akuti algorithm, amene akatswiriwa amawatchula tsiku lililonse, anachokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wachisilamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo.

Sabata yatha tinasindikiza mizere iwiri ya zilembo 60, yosiyana pamalo amodzi okha, n'kugawira Fomu 3 kuti apeze kusiyanako. Ife tinkaganiza kuti apambana ndi odziwa masamu. Anayamba kukweza manja ndi ana amene akhala zaka zambiri ku madrasa, amene anazolowera kuti shehe amawabweza pa kachizindikiro kamodzi. Sitikufanizira zopatulika ndi kachilombo ayi, tikungonena kuti diso losalumpha chilembo ana athu ali nalo kale, ndipo munawaphunzitsa ndinu.

Chimene alibe ndi nthawi pa kompyuta. Magetsi akazima phunziro la Computer Studies timalichitira pa bolodi ndi choko, ndipo ana ena amafika Fomu 4 asanalembepo mzere umodzi wa pulogalamu. Tapempha akuluakulu a komiti kuti pa msonkhano wotsatira, ikatha swala ya Jumu'ah, aikepo nkhani ya mabatire ndi sola ya chipinda cha makompyuta, ndiponso chilolezo choti chipindacho chizitsegulidwa Lachiwiri ndi Lachinayi ikatha Asr, kwa anyamata ndi atsikana masiku osiyana. Mitengo tafunsa kale m'tauni ndipo tidzabwera nayo, insha Allah. Makolo amene ana awo amagonera kutali, monga ku Jali ndi ku Thondwe, mutiuze ngati nthawiyo ikuwachedwetsa kufika kunyumba kusanade, tione poisinthira.

Mtsikana uja tinamupatsa zonsezi kuti awerenge tisanazitumize. Anabweza pepala n'kufunsa ngati pa tizilombo 20,000 tija munthu angathe kusankhapo ta ku Zomba tokha n'kuona kelch13 yake. Tamuuza kuti tidzayesa naye limodzi tsiku loyamba limene chipindacho chidzatsegulidwe.