Impso zikafooka, mitsempha imauma: kalata kwa mphwanga ku Lirangwe

Mphwanga,

Funso lako lija, loti bwanji wodwala impso amagwa ndi sitiroko kapena mtima impsozo zisanatheretu, lidazunguza madokotala zaka zoposa 150.

M'chaka cha 1827, Richard Bright wa pachipatala cha Guy's ku London ankathira pa sipuni mkodzo wa odwala otupa miyendo ndi nkhope, n'kuutenthetsa pa kandulo. Ukaundana ngati choyera cha dzira, ankadziwa kuti impso zikutaya mapuloteni. Pofika 1836, poyeza matupi a omwalira, adaonanso kuti ambiri adali ndi mitima yokula ndi yokhuthala. Makina oyezera BP kudalibe, choncho adangoganizira kuti mtima ukukankha magazi movutikira. Mu 1872, William Gull ndi Henry Sutton adapeza kuti timitsempha tating'ono timakhuthala thupi lonse, osati mu impso mokha.

Kenako kudabwera makina osefa magazi. Willem Kolff adawapanga ku Netherlands mu 1943, nkhondo ili mkati, ndipo mu 1960 Belding Scribner wa ku Seattle adapeza njira yoti munthu azisefedwa magazi sabata ndi sabata. Anthu adapumira m'mwamba. Koma mu 1974 gulu la Scribner lomwelo lidalengeza zowawa: odwala ake ambiri ankafa ndi matenda a mtima ndi mitsempha. Makina ankachotsa zoipa m'magazi, mitsempha ikuonongekabe.

Gwero lake lidayamba kuoneka mu 1980, Robert Furchgott atasonyeza kuti kakhungu kopyapyala ka mkati mwa mtsempha ndiko kamauza mtsemphawo kuti umasuke. Kamatero potulutsa mpweya wa nitric oxide, ndipo ntchitoyi idampezetsa mphoto ya Nobel mu 1998. Mu 1992, Patrick Vallance ndi anzake ku London adapeza kuti impso zikafooka, m'magazi mumachuluka chinthu chotchedwa ADMA, chomwe chimatsekereza mpweyawo. Pamwamba pa apo, zoipa zotsalira m'magazi zimaputa chitetezo cha m'thupi usiku ndi usana, mitsempha n'kumatupa chamkati popanda ululu. Kashiamu amakanirira m'mbali mwa mtsempha, mtsemphawo umauma, BP imakwera n'kukaphwanya timasefa ta impso tomwe tatsala. Impso zikuononga mitsempha, mitsempha ikuononga impso.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Ku chipatala cha Gulupu makina osefa magazi alipo, koma ndi ochepa, ndipo wochokera ku Lirangwe ayenera kukwera minibasi kudutsa pa Lunzu kangapo pa sabata, moyo wake wonse. Ndi mabanja angati angapirire zimenezo?

N'chifukwa chake kansalu koyezera BP ka pachipatala cha Lirangwe kapena cha Chileka si kopeputsa, ngakhalenso kapepala kothira mumkodzo, kamene kamaonetsa m'mphindi imodzi zomwe Bright ankafufuza ndi kandulo. Wa shuga, wa BP, wa ma ARV ndi amene adadwalapo likodzo aziyezetsa asanatupe. Mchere wothira pa ndiwo zapsa kale uchepe, ndipo Brufen ndi diclofenac wa pagolosale asamamwedwe tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana wa kumunda.

Sabata ikubwerayi uwaperekeze amayi akayezedwe BP ndi mkodzo, ndipo buku lawo la kuchipatala lisatsale.

Ndine mkulu wako,
ku Chileka