Mmene Timapezera Ophunzira Atsopano ku Lichinga

Ife amene timaphunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi patokha kuno ku Lichinga tilibe bwana wotilipira pakutha pa mwezi. Wophunzira akaleka kubwera, ufa umachepa m'nyumba. Tsono atsopano timawapeza bwanji?

Mzinda wathu uli pamalo okwera mamita oposa 1,300, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu cha m'mamawa chimagwetsa anthu mphwayi. Nyengo imeneyi ndiyo imatiyesa. Mphunzitsi wofika pabwalo nthawi yake, ngakhale pabwere munthu mmodzi yekha, mbiri yake imamveka kumsika ndi m'maofesi msanga kuposa zithunzi za pa WhatsApp.

Ambiri otifuna ndi amayi ndi abambo amene achipatala awachenjeza za shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Sitiwalonjeza kuti mimba iphwa m'masabata awiri. Timawauza uphungu umene bungwe la zaumoyo la WHO linapereka m'chaka cha 2020: mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mtengo timanena poyera, ndipo timayamba nawo pang'onopang'ono, ndi kuyenda ndawala. Akayamba kugona bwino ndi kukwera chitunda popanda wefuwefu, amadza ndi mnansi wawo. Wosamalidwa bwino ndiye amatiitanira anzake.