Ntchito ya Mtapo ndi Moto

Ine ndine woumba mbiya wa kuno ku Mchinji, dziko limene atsamunda ankalitcha Fort Manning, kumene mtsinje wa Bua uyambira ulendo wake wa kunyanja. Ndipo luso limene lili m'manja mwangamu sindinalipeze m'sukulu ayi, koma ndinalilandira kwa mayi anga, monga iwonso analilandira kwa amayi awo, pakuti pakati pa ife Achewa mbumba ndiyo isunga dongo, monganso isunga mudzi.

Ntchito iyamba m'chilimwe, pamene zokolola zalowa m'nkhokwe ndipo madambo aphwa. Tipita kukatapa mtapo kumene akuluakulu anatilozera, pakuti si dothi lililonse limene liumbika. Ndipo mwambo wa makolo uti mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, asayandikire dzenjelo, kuopa kuti mbiya zingasweke pamoto. Tikafika nalo kumudzi tilinyika, tilisinja, tichotsamo timiyala ndi timizu tonse, ndi kusakanizamo ufa wa mapale akale, kuti mphika wa agogo umene unasweka ulimbitse mphika wa mdzukulu. Ife tilibe njinga youmbira yonga ija mneneri Yeremiya anaiona m'nyumba ya woumba; tiika dongo pa phale, tilifukula pakati ndi chibakera, tilikweza ndi zala, tiwonjeza mizere ya dongo kufikira khosi litaima, kenaka tisalaza ndi chitsononkho ndi kabango, tilemba mphini zake m'phewa, ndipo likayamba kuuma tilikulungiza ndi mwala wa kumtsinje. Apa mpamene mwambi uja uonekera zoona zake, wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa mbiya youmitsidwa padzuwa mothamanga ing'aluka isanaone n'komwe moto. Iyenera kuuma pamthunzi, ndipo pambuyo pake tiiotcha ndi makungwa, nkhuni ndi udzu, madzulo mphepo itagona, ndipo ikapsa tiphikamo phala la gaga kuti isamachuche.

Chiwiya chilichonse chili ndi ulemu wake: mtsuko wa madzi, nkhali ya nsima, mphika wa ndiwo, mkhate wosambira, ndi mbiya yaikulu ya mowa wa maliro ndi wa nsembe. Zimenezi ndizo aumbanso abale athu a tsidya la malire a Mwami, ku Chipata ndi ku Chadiza, pakuti malire amene azungu analemba anapeza dongo ndi mibadwo ya oumba zili kale m'malo mwake. Anthu ophunzira atsimikiza zimenezi: D. W. Phillipson anaona kuti miphika ya Achewa, Ansenga ndi anansi awo ili ya mtundu umodzi, nautcha dzina la mtsinje wa Luangwa. Ndipo Yusuf Juwayeyi, pofukula bwinja la a Kalonga ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, anapeza mapale ochuluka a makolo athu atagona pamodzi ndi mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Choncho mphika wa Amaravi, makolo athuwo, unakhala pabwalo limodzi ndi mbale za dziko limene litamandidwa chifukwa cha ng'anjo za ku Jingdezhen, ndipo sunachite manyazi.

Mitundu ina idziwa kulemekeza oumba ake. Ku Nigeria kunali mayi Ladi Kwali, amene anaphunzira kuumba ndi manja kumudzi monga ife, nalowa m'nyumba ya zoumba ya ku Abuja m'chaka cha 1954, ndipo lero nkhope yake ili pa ndalama ya dziko lawo ya 20 naira. Koma kuno, pa misika ya Kamwendo ndi Mkanda, zigubu za pulasitiki ndi mapoto a chitsulo zatipanikizira kumphepete, ndipo atsikana ambiri ayesa dongo chinthu cha umphawi, ngakhale adziwa bwino kuti madzi a mumtsuko azizira popanda magetsi, ndi kuti nyemba za mumphika zili ndi kukoma kwakekwake.

Chifukwa chake ndikudandaulirani inu mafumu athu, a Mkanda, a Mavwere, a Zulu ndi a Mlonyeni, kuti muteteze madambo a mtapo asalimidwe onse. Ndi inu amayi anzanga, itanani ana anu akazi akhale pambali panu pamene muumba, pakuti luso limeneli siliphunziridwa m'buku, ndipo tikapita nalo kumanda palibe amene adzalifukule.