Mzere wa kunenepa anautsitsa, ndipo ifenso utikhudza

Abale anga a ku Area 36, nkhani iyi yandikhala pamtima.

Kuno ku Leicester, komwe ndimasamalira okalamba, kuli amwenye ambiri, ena anachokera kwathu komweko m'zaka za m'ma 1970. Shuga ndi matenda a mtima amawagwira thupi lisanakule n'komwe, chifukwa mafuta awo amaunjikana m'mimba. N'chifukwa chake mu 2004 akatswiri a WHO anati kwa anthu a ku Asia ngozi imayamba BMI ikafika 23 ndipo imakula pa 27.5, pomwe mizere yozolowereka ndi 25 ndi 30. BMI ndi kulemera kwanu m'makilogalamu, mutagawa ndi kutalika kwanu m'mamita, n'kugawanso kachiwiri.

Bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala za kuno, linatiikanso ife akuda a ku Africa pa mzere wotsikawo. Mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 72, BMI yake ndi 28. Kwathu timati ali ndi thupi labwino. Kuno namwino amamuuza kuti wanenepa mopyola, n'kumuyeza shuga.

Kwathu sikelo ndi ya ana ndi amayi oyembekezera. Wamkulu amaikwera atadwala kale. Mkazi akanenepa timati banja lamuyanja, bambo akatuluka mimba timati wayamba kuzigwira. Sindikunyoza ayi. Amene tinaona zaka zomwe Edzi inkatha anthu, mankhwala asanabwere, tikudziwa momwe munthu akaonda ankanong'onezedwera pamjigo. Mantha amenewo sanatichoke. Koma kafukufuku wa bungwe la MEIRU ku Area 25 ndi ku Karonga, yemwe anatuluka mu 2018, anapeza kuti amayi 44 pa 100 aliwonse m'tauni anali atapyola mzere wa 25. Tikanati tigwiritse wa 23, akanachuluka kuposa apo. Nanga chipisi cha pachiwaya, mandasi, tiyi wa shuga masupuni atatu, ulendo wa pafupi n'kukwera kabaza.

Sikelo ikasowa, chingwe chilipo. Dulani chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, muzunguze pamimba, pakati pa nthiti zomaliza ndi fupa la m'chiuno. Chikapanda kukumana, pitani mukayezetse BP ndi shuga, ngakhale simukumva kupweteka paliponse. Amayi ndi azakhali muwathandize kuyeza.