Funso la Mayi Wamasiye

Loweruka lina mvula itangokata, tinaitanidwa kukatsegula ndi pemphero msonkhano wa komiti ya chitukuko m'dera lina m'munsi mwa phiri la Mpingwe. Nkhani inali ya ngalande imene imasefukira madzi akatsika kuphiri. Chiyambire March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nthaka ya phiri la Soche nakwirira anthu ambiri ku Chilobwe, wokhala m'mbali mwa phiri mu Blantyre muno sapeza tulo mvula ikalimba. Choncho anthu anafika mwaunyinji.

Akuluakulu a kutsogolo anayankhula maola awiri athunthu. Dzuwa litapendeka, wapampando anati yakwana nthawi ya mafunso. Mayi wina wamasiye anaimirira, nakonza chitenje chake, nati: "Pepani akuluakulu, ndalama za ntchitoyi ndi zingati, nanga akusunga ndani?" Wapampando anayang'ana wotchi, nati nthawi yatha, natipempha kuti titseke ndi pemphero. Ife tinaimirira ndi kupemphera. Lero tiyenera kuulula kuti pemphero lathu lija ndilo linatseka pakamwa pa mayiyo.

Pobwerera tinamva manong'onong'o njira yonse. Ena ankati ndalama zadyedwa kale, ena ankatchula ndi maina omwe. Mwina panalibe wakuba aliyense. Koma funso likakanizidwa pabwalo silifa ayi. Limakatulukira kuseri litasanduka miseche, ndipo miseche imadetsa wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Makolo athu ankazidziwa izi. Pabwalo la mfumu nkhani inkakambidwa poyera pansi pa mtengo, wodandaula ankaloledwa kufotokoza mpaka atatha, nduna zinkabwereza mau ake kuti onse amve, ndipo mfumu inkayankhula pomalizira. Masiku ano tatembenuza mwambowu: akuluakulu amayamba ndiwo, ndipo anthu amapatsidwa makombo a nthawi.

Komabe tisaiwale kumene tachokera. Pa 8 March 1992 Maepiskopi athu anatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, yodandaula kuti Amalawi ankaopa kunena zakukhosi m'dziko lao lomwe. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anapatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linati misonkhano ya khonsolo ikhale yotsegukira anthu ndi atolankhani. Lamulo lina lotilola kupempha zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Koma makhansala amene tinasankha mu 2000 atamaliza nthawi yao mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. M'zaka 9 zimenezo ambiri tinazolowera kungomva kuti zagamulidwa kale. Ndi angati mwa ife amene anakakhalapo pa msonkhano wa khonsolo ya mzinda ku Civic Centre, ulendo wa minibasi chabe kuchokera ku Limbe? Akulu akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tamva m'mimba, chitseko nachonso n'chotsegula, koma tikungobuulira m'nyumba.

Mpingo woyamba unakumana ndi vuto lomweli. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, timamva kuti akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti amasiye ao ankaiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanawadzudzule kuti ndi osamvera, ndiponso sanakakambirane nkhaniyo kumbali. Anaitana gulu lonse la ophunzira, ndipo gululo linadzisankhira amuna 7 oyang'anira ntchitoyo. Dandaulo la amasiye silinagawe Mpingo. Linaulimbitsa, chifukwa linamvedwa poyera.

Sitikunena kuti msonkhano ukhale chipwirikiti. Wapampando ali ndi udindo woletsa chipongwe ndi wodula iwo amene amangozungulira. Koma dongosolo liyenera kutumikira mau a anthu, osati kuwakwirira. Mitu ya zokambirana ilengezedwe masiku angapo msonkhano usanachitike. Nthawi ya mafunso ikhale pakati, anthu asanatope. Chiwerengero cha ndalama chiwerengedwe m'Chichewa ndi kumatidwa pakhoma. Mlembi alembe funso lililonse, ndipo limene silinayankhidwe lero likhale loyamba pa msonkhano wotsatira.

Ndipo tisanaloze chala ena, tiyang'ane kwathu. Kodi m'miphakati mwathu ndi m'bungwe la parishi timalengeza momveka ndalama za mtulo ndi za chitukuko? Kodi mkhristu wosauka akafunsa, sitimuyang'ana ngati wadzudzula Mulungu? Mwana wokulira m'parishi imene mafunso amalandiridwa sadzachita mantha kuimirira pamaso pa khansala.

Mayi uja tinakampeza kwao patapita masiku, tinampepesa. Anangoseka, nati: "Bambo, ine sindimafuna kukangana ndi munthu. Madzi aja amalowa m'nyumba mwanga." Talonjeza kuti pa msonkhano wotsatira tidzakhala pambali pake, ndipo akadzatipempha kutseka ndi pemphero, tidzapempha mwaulemu kuti mayiyu ayankhidwe kaye. Inunso, abale ndi alongo, bwerani. Mulungu amene amamva kulira kwa amasiye sadzakhumudwa pemphero likachedwa pang'ono.