Kutalika kwa ku Joni

Kuchokera pabwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg kudzafika pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe pali makilomita pafupifupi 1,500. Pandege ndi ulendo wa maola awiri ndi theka okha. Pabasi, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, munthu amatha masiku awiri, poti pachipata chilichonse pamakhala mzere wodinditsa mapasipoti.

Achimwene anga amagwira ntchito ku Joni. Amayi atamwalira, ndalama za tikiti ya ndege zinawaperewera, choncho anakwera basi mawa lake. Ife tinagona pasiwa masiku awiri, koma kunja kunali kotentha, ndipo akuluakulu anati tiike maliro. Achimwene anafika tsiku losesa, nangokaona mtumbira.

Masiku ano wina akandifunsa kutalika kwa ku Joni, ndimayamba ndamufunsa kuti m'thumba mwake muli zingati.