Usiku umene zouluka zidadutsa pa Mwaya

Ndifotokoze zomwe zidatichitikira kuno ku Mwaya, chifukwa anzathu a m'tauni akamakangana pa Facebook za zinthu zouluka zosadziwika amayankhula ngati zoterezi zimatera ku America kokha.

Kwa amene simudafikeko, Mwaya ali m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kummwera kwa Chintheche. Mukatsika minibasi pamsewu wa M5 mumalowa kanjira kamchenga kodutsa m'minda ya chinangwa, ndipo musanaione nyanja mumayamba mwamva fungo la usipa. Nsima ya kuno ndi kondowole. Ine wokulira mgaiwa zidanditengera teremu yathunthu kuti m'mimba muvomere. Usiku nyali za asodzi zimandandalika pamadzi mpaka pomwe maso alekezera, moti mlendo amafunsa kuti tsidya lija ndi tauni yanji. Masana nthawi zina mumaona chiutsi chakuda chitaima pakati pa nyanja ngati sitima ikupsa, chonsecho ndi nkhungu chabe, tizilombo tomwe anthu amakola n'kusandutsa ndiwo. Choncho anthu a kuno sadabwa wamba.

Koma za tsiku lija zidali zina. Kudali kutangoda, ine ndili pakhonde kuchonga makope, pomwe ana adayamba kukuwa kugombe. Kumwamba kudali mzere wa timagetsi toyenda mondondozana ngati ana opita ku asembule, popanda phokoso lililonse. Patangopita mphindi zochepa tidazimirira.

Pofika m'mawa, nkhani idali itagawika patatu. Ana anga a Fomu 3, omwe sasowa ku vidiyo, adati ndi ma alien, zolengedwa za m'mapulaneti ena zomwe zimaba anthu kukawapima. Amayi a pamjigo adati ndi ndege za ufiti, ndipo kuchuluka kwake kukusonyeza kuti kwina kudali msonkhano waukulu. Madoda a pabawo sadavutike n'kuganiza: ndi boma. Likufuna chiyani bomalo? Wina adati likuwerenga maukonde, wina adati likusaka mafuta pansi pa nyanja, wachitatu adangotsitsa mawu n'kuloza mtsempha wa padzanja lake.

Zikadathera pomwepo tikadangoseka. Koma Lolemba desiki imodzi m'kalasi mwanga idali yopanda mwini. Mnyamata wina, wodziwa masamu kuposa anzake onse, adatuluka kunyumba usiku womwe uja ndipo sadabwerere. Mayi ake adafika pasukulu maso atatupa.

Ine zomwe zidadutsa kumwamba ndidazizindikira. Ndi masetilaiti a Starlink, a kampani ya Elon Musk, omwe amatumiza intaneti. Amaponyedwa ambiri nthawi imodzi, choncho masiku oyamba amayenda pamzere asanabalalike, ndipo amawala dzuwa likangolowa chifukwa kumtunda komwe ali likadali kuwaomba. Intaneti yake idayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023. Ndidafotokoza zonsezi kugombe, ndikujambula ndi kamtengo pamchenga. Mkulu wina yemwe amasoka ukonde adandimvetsera mpaka pamapeto.

"Asambizi, ndiye mzunguyo chilolezo adatenga kwa yani?"

"Ku MACRA, ada."

"MACRA ndi ya yani?"

"Ndi ya boma."

"Basi. Nanga ine ndati chiyani?"

Dipuloma yanga idathera pomwepo.

Ndakhala ndikuganiza kuti kusiyana kwa ife ndi azungu pankhaniyi ndi chiwiya chokha. Iwo amabedwa ndi mbale youluka, ife lichero. Ngakhale mbaleyo akuti idafikako kufupi: pa 16 September 1994 ana pafupifupi 60 a pasukulu ya Ariel ku Ruwa, kufupi ndi Harare, adanena kuti adaona chombo chitatera kuseri kwa bwalo lawo, mpaka katswiri wa matenda a maganizo wa ku Harvard, John Mack, adabwera kudzawafunsa. Monga mphunzitsi, chomwe chimandichititsa nsanje n'chakuti ana 60 adamvetsera chinthu chimodzi nthawi imodzi.

Koma yathu yeniyeni ndi ya anamapopa, ndipo iyoyo siseketsa. Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe mu Blantyre, mphekesera idali yoti boma likutumiza magazi ku South Africa kukabweza ngongole. Mu January 2003 anthu adagenda Eric Chiwaya, gavanala wa UDF mu Blantyre, pomuganizira kuti akusunga opopa magazi. Mu 2017 zidayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu adaphedwa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adachita kuyendera maderawo. Mu 2020 mphekeserayo idakwera mpaka kuno kumpoto. Nthawi zonsezi namapopa ndi zida zake sadaonetsedwepo pagulu. Ofa amakhala mlendo wosochera, wodwala misala, kapena munthu wongonyamula chikwama chachilendo.

Lachitatu la sabata yomweyo zidatsala pang'ono kutionekera. Pasiteji padatsika mnyamata wa chikwama chakumsana, ali ndi kamakina kam'manja kopimira malo. Amafuna kuona mijigo yowonongeka. Posakhalitsa anthu adali atamuzinga, ena miyala ili kumanja, akumufunsa komwe waika mwana wathu. Chidamupulumutsa ndi a nyakwawa omwe adamukokera m'golosale n'kuima pakhomo, komanso mayi wina yemwe adakuwa kuti, "Mukamupha, mjigo wathu akonza ndani?" Ine ndidaima pambali pa a nyakwawa, ndipo ndisaname, mawondo amaombana.

Anzanga ophunzira amakonda kunena kuti zonsezi ndi umbuli. Sindigwirizana nawo kwenikweni. Anthu a boma lino akakuuzani kuti boma limatha kubwera m'bandakucha n'kutenga munthu, sakunena za mufilimu. Pa 3 March 1959 atsamunda adagwira atsogoleri a Congress n'kuwatsekera m'sitima ya Mpasa padoko la Nkhata Bay, ndipo abale awo atasonkhana kufuna kuti awamasule, asilikali adawombera, anthu osachepera 20 n'kufa. Mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adafera ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Amene adanong'ona zina adatchedwa abodza, mpaka kafukufuku wa boma itabwera demokalase adapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa. Munthu amene adaonapo mphekesera ikusanduka zoona, mumuuza bwanji kuti iyi yokha ndiye yabodza?

Ndipo kunena mosapsatira, ngati zolengedwa za kumwambazo zilipodi, ku Malawi kuno zidakhazikika kalekale, kungoti sizitera kugombe. Zimatera ku Lilongwe. Mu 2013 zidanyamula ndalama zankhaninkhani pa Capital Hill, ofufuza a Baker Tilly n'kuwerenga K24 biliyoni. Mu 2021 zidazungulira K6.2 biliyoni ya Covid-19. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza idauluka mpaka kukatera pakampani yogulitsa nyama ku UK, zomwe ngakhale lichero la mfiti yaikulu ya pa Mwaya silingakwanitse popanda kuima panjira. Ngakhale kunyumba yachifumu zachilendo zidamvekako: mu 2005 kudatuluka nkhani yoti Bingu wa Mutharika akuthawa mizukwa ku State House. Iye adakana, ndipo omwe adagona m'chitokosi ndi atolankhani, osati mizukwa.

Palinso kubedwa kwina komwe ndakuona m'madera onse omwe ndaphunzitsako. Munthu timamuvotera bwinobwino, akuyankhula chilankhulo chathu, akudya nafe pamaliro. Miyezi itatu osatha wasowa. Foni siyankhidwa. Pakatha zaka zisanu amatsitsidwa pamalo omwe adatengedwera, atanenepa, khungu litasalala, sakukumbuka chilichonse cha mlatho womwe adalonjeza. Ku America munthu wotere amamutengera kwa madokotala. Kuno timamuvinira.

Mwana wathu uja adapezeka patatha masabata atatu. Mlongo wake adabwera ndi foni kusitafu rumu, manja akunjenjemera, kudzationetsa chithunzi cha pa WhatsApp. Adali ataima kutsogolo kwa shopu ina ku Johannesburg, atavala jekete lomukulira. Usiku womwe tonse tidali chingadangada kuyang'ana kumwamba, iye adali kumsewu kukwera galimoto ya munthu wina wa matransipoti yemwe amadutsitsa anyamata pa Mwanza ndi Beitbridge. Ndalama ya ulendo adamutumizira ndi msuweni wake, ndipo adzabweza akayamba ganyu. Kuno si zachilendo; nyumba zambiri zamalata zomwe mumaona m'mbali mwa M5 zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni, kuyambira nthawi ya agogo a Wenela.

Mayi ake adalira, kenaka adaseka, kenaka adafunsa ngati wadya. Pabawo nkhaniyo sidawasangalatse kwenikweni, ndipo mkulu wa ukonde uja mpaka lero amati chithunzicho chidachita kukonzedwa.

Sabata yatha mnyamatayo wandilembera. Akutsuka magalimoto, akugona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, ndipo akuti akangoona galimoto ya polisi amalowa m'kanjira chifukwa masiku a papasipoti adatha. Wapempha kuti ndimujambulire manotsi a masamu a teremu ino ndimutumizire. Ndajambula masamba khumi ndi awiri, koma netiweki ya kuno imagwira pansi pa mtengo umodzi wa mango kuseri kwa sukulu, ndipo mpaka pano adutsa ndi atatu okha.